Kukonzanso The Good, the Bad and the Ugly panyumba: malangizo a pang'onopang'ono

Filimu ya makauboyi ya Sergio Leone, The Good, the Bad and the Ugly, ilipo mitundu ingapo, ndipo oikonda amakangana mpaka lero kuti yeniyeni ndi iti. Ku Italy inayamba kuonetsedwa mu Disembala 1966 ili yaitali pafupifupi maola atatu. Pofika ku America kumapeto kwa 1967 inali itadulidwa kufika pa mphindi 161, ndipo anthu ambiri anakula akuonera imeneyi. Cha mu 2003 a kampani ya mafilimu ya MGM anabwezeretsamo zigawo zomwe zinachotsedwa zija, filimu n'kutalika kufika pa mphindi pafupifupi 179.

Vuto linali loti zigawozo zinali zisanaikidwepo mawu a Chingerezi. Anaitana Clint Eastwood, yemwe anasewera Blondie, ndi Eli Wallach, yemwe anasewera Tuco, kuti adzalankhulemo patapita zaka zoposa 35. Apa n'kuti Wallach atadutsa zaka 85, ndipo sizibisika: Tuco yemwe wangokhala akukuwa mwamphamvu, mwadzidzidzi ayamba kuyankhula ndi mawu a gogo. Lee Van Cleef, yemwe anasewera Angel Eyes, anali atamwalira mu 1989, ndiye mawu a Angel Eyes anayankhula ndi Simon Prescott. Kuwonjezera apo, popanga mawu a masipika ambiri a 5.1 anasinthanso kulira kwa mfuti, kuchotsa kulira kwakale kuja n'kuikamo kwamakono. Zimenezi n'zomwe zinachititsa anthu wamba kuyamba kudzikonzera okha filimuyi pa kompyuta.

Inunso mungathe, popanda situdiyo. Koma dziwiranitu kuti kudula zithunzi ndi ntchito ya madzulo amodzi. Chomwe chidzakudyereni masabata ndi mawu, ndipo woonera akazindikira kuti filimu yagwiridwa ndi munthu, kawirikawiri amazindikira ndi khutu, osati diso.

1. Gamulani kaye kuti mukufuna filimu yotani

Musanatsegule pulogalamu iliyonse, tengani kope ndi bolopeni. Ngati chomwe mukufuna ndi mtundu wa 1967 basi, musadzivutitse, chifukwa a kampani ya Kino Lorber anautulutsa pa disiki ya 4K mu 2021, ndipo ndi wabwino. Kukonzanso kumapindula mukafuna chinthu chomwe palibe disiki ikugulitsa, mwachitsanzo mtundu wa mphindi 161 wokhala ndi mawu ake akale, koma n'kuwonjezeramo chigawo chimodzi kapena ziwiri zomwe zimatseka mipata m'nkhani.

Onerani mtundu wautali uja muli ndi kope, n'kumalemba ola, mphindi ndi sekondi pomwe chigawo chilichonse chowonjezera chayambira ndi pomwe chathera. Mupeza Tuco m'phanga atanyamula nkhuku, akukopa anzake atatu kuti akaphe Blondie. Mupeza Angel Eyes atafika pa linga lophwasuka la asilikali a Kummwera pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, lodzaza anthu ovulala, akufunsa za Bill Carson, msilikali wodziwa komwe kwabisidwa golide. Ulendo wa m'chipululu ndi wotalikirapo, Tuco akudya ndi kusamba mapazi pamaso pa Blondie yemwe akufa ndi ludzu. Pali usiku womwe Tuco afika ndi ngolo pa kampu ya asilikali kufuna dokotala, pali m'mphepete mwa mtsinje pomwe zigawenga za Angel Eyes zitulukira, komanso zokambirana zina ndi kaputeni woledzera wa pa mlatho.

Maganizo anga ndi awa. Chigawo cha pa linga chisungeni. Popanda icho Angel Eyes amasowa kwa nthawi yaitali, kenako mungomupeza ali sajeni pa kampu ya akaidi ankhondo, osadziwa kuti wafikako bwanji. Komanso Prescott anamutsanzira bwino Van Cleef, moti khutu silidandaula kwenikweni. Cha m'mphepete mwa mtsinje nachonso chimathandiza, chifukwa chimatiuza komwe zachokera zigawenga zomwe zidzafe m'tauni yophulitsidwa ija. Cha m'phanga chichotseni osayang'ananso m'mbuyo. Leone mwiniwake anachichotsa filimu itangoonetsedwa koyamba ku Rome, ndipo ndi momwe mawu a ukalamba a Wallach amamvekera kwambiri. Zotsalazo muone nokha, bola chilichonse chomwe mwasunga mukhale ndi chifukwa chake cholembedwa m'kopemo. "Chifukwa chilipo pa disiki" si chifukwa.

2. Pezani madisiki awiri

Mufunika Blu-ray ya mtundu wautali, komwe muchotse zithunzi, ndi disiki ina yokhala ndi mawu akale a sipika imodzi, omwe amatchedwa mono. DVD ya MGM ya 1998 ili ndi mtundu wa mphindi 161 ndi mawu amenewa. Chenjerani, si disiki iliyonse yolembedwa mono pakatoni yomwe ili ndi mawu akale. Ena anangotenga mawu atsopano a 5.1 n'kuwapanikiza kuti akhale amodzi. Muyeso wake ndi mfuti. Mverani kuwombera kwa kumayambiriro kwenikweni, Tuco asanadumphire pawindo, pa madisiki onse awiri. Kukamveka chimodzimodzi, ndiye kuti mwagula chinthu chimodzi kawiri.

Ngati mukutuma wachibale wa ku Joni kapena ku UK, mumuuze za zigawo za madisiki, chifukwa madisiki ena amaseweredwa pa makina a chigawo chawo chokha cha dziko lapansi. Blu-ray ya ku Africa ndi ku Ulaya ndi ya chigawo B, ya ku America ndi ya chigawo A. Pa ma DVD, Malawi ndi Zambia ali m'chigawo 5, South Africa ndi Britain m'chigawo 2, America m'chigawo 1. Madisiki a 4K alibe zimenezi.

3. Koperani zonse pa kompyuta

Ambiri amagwiritsa ntchito MakeMKV, yomwe imakopera filimu mmene ilili osachepetsa ubwino wake. Blu-ray ya maola atatu imadya 30 GB kapena kuposerapo, ndipo mukaisintha kukhala fayilo yosavuta kudula, monga DNxHR kapena ProRes, ikhoza kupitirira 100 GB. Pezani hard drive yapadera ya ntchito imeneyi yokha.

Pulogalamu yodulira, DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere ndipo ndi yamphamvu, makamaka pokonza mitundu ya zithunzi, koma imafuna kompyuta ya RAM yokwana 16 GB. Ngati laputopu yanu ndi yofooka, Kdenlive kapena Shotcut zikukwanirani, nazonso n'zaulere. Pangani fayilo yopepuka ya 720p ndi HandBrake kuti muzidulira, yaikuluyo mudzailowetse pomaliza. Ndipo yatsani autosave lero lomwe, magetsi asanakuphunzitseni.

4. Yezani liwiro musanachite china chilichonse

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Blu-ray imayenda mafulemu, kutanthauza zithunzi zotsatizana, 23.976 pa sekondi. DVD ya ku Ulaya kapena ku South Africa, ya PAL, imayenda mafulemu 25. Ndiye kuti filimu yonse imathamanga ndi 4 peresenti ndi kanthu, ya mphindi 161 n'kutha pa mphindi 155 kapena kuperewera, mawu a anthu n'kukwera pang'ono. Mukangoika mawu amenewa pansi pa zithunzi za Blu-ray, poyamba zioneka ngati zagwirizana, koma ikamatha mphindi imodzi mawu akhala atatsogola masekondi awiri ndi theka.

Mankhwala ake ndi apafupi. Tsegulani mawuwo mu Audacity, sankhani onse, n'kugwiritsa ntchito Change Speed, yomwe m'mitundu yatsopano imatchedwa Change Speed and Pitch, ndi nambala 0.959. Izi zimabwezeretsa liwiro ndi kakwezedwe ka mawu nthawi imodzi. Mukatha, yerekezani nyimbo yoyambirira ndi ya pa Blu-ray. Ikamveka yotsika kuposa inzake, ndiye kuti opanga DVD anali atakonza kale kakwezedwe ka mawu, choncho bwererani mugwiritse ntchito Change Tempo m'malo mwake. DVD ya ku America ilibe vuto la kuthamangali, mawu ake amakwanira mmene alili.

5. Gwirizanitsani mawu akale ndi zithunzi

Ikani timeline yanu, pomwe mumayala zithunzi ndi mawu mu pulogalamu yodulira, pa mafulemu 23.976. Mzere woyamba wa zithunzi pakhale Blu-ray. Mzere woyamba wa mawu pakhale mawu a Blu-ray yomweyo, akhale ngati chokuyezerani. Mzere wachiwiri pakhale mono ija. Valani mahedifoni, mawu a Blu-ray muwakankhire ku khutu lamanzere, mono ku lamanja. Zikagwirizana, mawu amamveka pakati pa mutu. Zikasiyana, mumamva ngati anthu awiri akutsatizana polankhula.

Musayezere milomo ya aliyense. Leone sankajambula mawu pamalo ojambulira, onse ankaikidwa pambuyo pake mu situdiyo, ndipo ochita sewero ankalankhula aliyense chilankhulo chake, ena Chingerezi, ena Chitaliyana, ena Chisipanishi, popeza mbali yaikulu inajambulidwa ku Spain. Mukalimbana ndi milomo ya mwini sitolo ya mfuti kapena ya kaputeni wa pa mlatho mudzachezera usiku pachabe, sinagwirizanepo ndi Chingerezi chiyambire. Yezerani zinthu zogunda: mfuti, chitseko chomenyetsedwa, galasi losweka, mbama. Pa mzere wa mawu izi zimaoneka ngati kamsonga kakuthwa. Kamsonga ka mono kaikeni pansi penipeni pa kamsonga ka Blu-ray. Fulemu imodzi ndi mamilisekondi 42, ndipo mukaphonya ndi mafulemu awiri kapena atatu, munthu watcheru azindikira kuti utsi watuluka mfuti isanalire.

Mphindi khumi zoyambirira za filimuyi zilibe kuyankhula, muli mphepo, galu, mapazi, mfuti ndi nyimbo, ndiye ndi pabwino pophunzirira.

Musaganize kuti mukagwirizanitsa koyambirira ndiye mwatha. Mafilimu akale ankakhala m'mikukutu ya mphindi pafupifupi 20, ndipo pothera mkukutu uliwonse mafulemu ena ankatayika, mosiyana pa kope lililonse. Choncho pakapita kanthawi mudzamva mawu ayambanso kutsatizana. Bwererani m'mbuyo mpaka mupeze pomwe kusiyanako kwayambira, kawirikawiri pomwe chithunzi chasintha malo, dulani mono pamalo opanda kuyankhula ndi nyimbo, n'kuisuntha. Mpata ukatsala, utsekeni ndi kachidutswa ka mphepo kochokera m'chigawo chomwecho. Musasiye mpata wa zii ngakhale wa mafulemu atatu. Mono yakale ili ndi kaphokoso kake ka shiii kosalekeza, ndipo kakangoduka khutu limadzidzimuka.

Mukafika pa chigawo chowonjezera, mono idzalumpha chifukwa ilibe chigawocho. Dulani pamenepo, sunthirani yotsalayo kutsogolo mpaka pomwe chigawo chathera, n'kupitiriza. Chitani chonchi mpaka chigawo cha kumanda, kumapeto kwa filimu. Osayesa kumaliza tsiku limodzi, makutu akatopa amavomereza chilichonse.

6. Dulani ndi kusoka

Zigawo zomwe munagamula kuchotsa, chotsani zithunzi zake, mono ilumikizana yokha mmene inalili mu 1967. Onetsetsani pa DVD ija kuti fulemu yomaliza ndi yoyamba ndi ziti, chifukwa m'malo ena mtundu wautali unasintha kalumikizidwe, ndipo mukatsalira ndi mafulemu angapo a chithunzi china, chimaphethira ngati cholakwika.

Zigawo zomwe mwasunga ndi zomwe zili ndi ntchito. Mawu ake muwatenga ku 5.1 yatsopano ija, yoyera ndi yotambasuka, pomwe mono ndi yopapatiza ndi yokalamba. Zili ngati telala woika chigamba: nsalu ikhoza kufanana, koma ulusi ukasiyana chigambacho chimaonekera patali. Ndiye sanganizani mawu a 5.1 akhale a sipika imodzi, n'kukweza pang'ono a sipika yapakati, momwe mumakhala kuyankhula. Ndi equalizer, chida chokweza kapena kutsitsa mbali zina za mawu, chepetsani mawu okwera kwambiri kuyambira cha pa 8 kHz, ndi mabesi akuya. Musadalire nambala yokha, seweretsani masekondi khumi a mono ndi masekondi khumi a chigawo chatsopano mobwerezabwereza mpaka kusiyana kuchepe. Kenako yalani pansi pake kaphokoso ka mono kaja, kotengedwa pamalo opanda zochitika.

M'chigawo cha kumtsinje Blondie amawombera munthu. Kulira kumeneko n'kwamakono. Kuchotseni, mukatenge kulira kwa mfuti yake pamalo ena m'mono pomwe palibe nyimbo, mukuike pamenepo. Kanthu kakang'ono, koma ndi komwe kamasiyanitsa ntchito yosamala ndi yongomata.

Polowa ndi potuluka m'chigawo, mawu asasinthe pa fulemu yomwe chithunzi chasintha. Lolani mphepo kapena mapazi a hatchi a chigawo chotsatira ayambe kumveka mafulemu 6 mpaka 12 chithunzi chisanasinthe, akale akuzilala. Diso likamafika pamalo atsopano, khutu likhale litafika kale.

Tsopano chiyeso chomwe chimagwira aliyense akakhala ndi lumo m'manja, chofuna kufulumizitsa filimu. Muona anthu akungoyang'anizana, Angel Eyes akudya mwakachetechete ndi munthu yemwe iyeyo wabwera kudzamupha, ndipo muganiza kuti apa nditha kuchotsa masekondi 40. Musatero. Kudikirako ndiye filimuyo. Nyimbo za Ennio Morricone zinalukidwa pamodzi ndi zithunzi, moti aliyense mwa atatuwa ali ndi kamvekedwe kake ka nyimbo imodzi yomweyo, Blondie chitoliro, Angel Eyes ocarina, Tuco mawu a anthu. Mukadula pakati pa nyimbo, ngakhale wosadziwa nyimbo amamva kuti china chalumpha. Kuyambira pomwe Tuco ayamba kuthamanga pakati pa manda a Sad Hill kufunafuna manda olembedwa dzina la Arch Stanton, mpaka atatuwo ataima pabwalo lamiyala, musachotse fulemu ngakhale imodzi. Nino Baragli ndi Eugenio Alabiso, omwe anadula filimuyi, anayamba ndi zithunzi zapatali, n'kumayandikira, nkhope, manja, maso, chithunzi chilichonse chikufupikira pomwe nyimbo ikukwera. Mukachotsapo chimodzi, masitepe onse asokonekera.

7. Mitundu ya zithunzi

Blu-ray ya 2014, yochokera ku ntchito yomwe inachitikira ku Bologna, ili ndi zithunzi zakuthwa bwino, koma inatuluka yachikasu kwambiri, moti thambo limapendekera ku mtundu wa msipu. Ngati ndi yomwe muli nayo, chepetsani chikasucho, koma osati ndi nambala imodzi filimu yonse. Chipululu cha ku Almería ndi mapiri a ku Burgos, komwe kuli mlatho ndi manda, sizifanana kuwala, ndipo zigawo za m'nyumba zimafuna dzanja lopepuka.

Pali chigawo chimodzi chokuyezerani bwino. Tuco aona asilikali a pa hatchi akubwera atavala zotuwa, ayamba kukuwa kutamanda a Kummwera, kenako mkulu wa asilikaliwo asasa fumbi pa mkono wa jekete lake, n'kuoneka kuti ndi labuluu, la a Kumpoto. Imitsani pamenepo. Fumbi lioneke lotuwa, nsalu ioneke yabuluu mosakayikitsa. Buluu akaoneka wobiriwira, chikasu chikadalipo. Nkhope zikayamba kuoneka zapinki kapena zozizira, mwapitirira.

Timadontho tonga mchenga tomwe timaoneka m'zithunzi musatichotse. Tonino Delli Colli anajambula filimuyi pa Techniscope, njira yomwe fulemu iliyonse imatenga theka la malo a filimu ya 35mm, ndiye timadonthoto ndi mbali ya chithunzicho. Blu-ray ya 2009 anaipukuta kwambiri, makwinya ndi thukuta pa nkhope n'kufufutika, pomwe Leone ankaika kamera pankhope kuti muone zimenezo. Mizere yakuda ya pamwamba ndi pansi nayonso isiyeni. Chithunzichi ndi chotambalala, cha 2.35:1, ndipo mukachikoka kuti chidzaze sikirini, pabwalo lija mmodzi mwa atatuwo agwera kunja.

8. Mawu olembedwa m'Chichewa, ngati mukufuna

Tinazolowera ma DJ omasulira mafilimu m'Chichewa, akulankhula pamwamba pa filimu. Pa filimu iyi sindingakulangizeni kutero, chifukwa mukwirira mawu omwe mwawavutikira masabata onsewa. Lembani mawu a m'munsi, masabutaito, ndi Subtitle Edit kapena Aegisub. Mizere isapitirire iwiri, uliwonse zilembo pafupifupi 42. Mawu athu ndi aatali, ndiye fupikitsani. Blondie salankhula zambiri, musamuwonjezere. Tuco ndi wolongolola ndi wotukwana, mupatseni Chichewa cha pamsika, osati cha m'kalasi. Sungani fayiloyo ngati UTF-8, apo ayi chilembo cha ŵ chidzatuluka ngati zizindikiro zachilendo. Ntchitoyi ichiteni mutamaliza kudula, chifukwa mukasinthanso chigawo chimodzi nthawi zonse za kutsogolo zisuntha.

9. Tulutsani, onerani, konzaninso

Musatulutse filimu yonse kamodzi. Igaweni m'zidutswa za mphindi 30 kapena 40, kuti magetsi akazima mutaye chidutswa chimodzi chokha. Mawu atulutseni paokha ngati fayilo imodzi yathunthu, kuti pasakhale kudumpha polumikiza. Zithunzi zipanikizeni ndi HandBrake pa H.264, RF ikhale pakati pa 18 ndi 20, tune pa Grain. Pomaliza MKVToolNix ilumikiza zidutswazo n'kuphatikiza mawu ndi masabutaito mu fayilo imodzi osawononga ubwino.

Ikani pa fulashi, mukaonere pa TV, osati pa kompyuta yomwe mumadulira, kuyambira koyamba mpaka kumapeto osaimitsa, kope lili pamwendo. Ndi bwinonso kuitana munthu yemwe sakudziwa komwe mwadula. Musamuuze kanthu. Akatembenuka n'kufunsa kuti chachitika n'chiyani pamenepa, lembani nthawiyo, pali msoko woti mukaubwereze.

Filimuyi ili ndi eni ake, ndipo kuikonzanso sikukupatsani umwini. Ku Malawi nkhani za umwini wa ntchito zaluso zili pansi pa lamulo la 2016, ndipo amayang'anira ndi a COSOMA. Mwambo wa anthu okonzanso mafilimu ndi woti ntchito yotere sigulitsidwa, ndipo woionera akhale ndi disiki yakeyake yogula. Choncho musaiwotche pa madisiki ogulitsa, musaionetse mu vidiyo sho yolipiritsa, ndipo mukaiika pa YouTube kapena Facebook makina awo aizindikira n'kuitseka. Mnzanu akaifuna, mupatseni zomwe zili m'kope lija, nthawi zodulira, nambala za equalizer ndi za mitundu, kuti akapange yake ndi madisiki ake.